Kusamuka kwa Likulu la Boma Kuchoka ku Zomba

Akuluakulu a kuno ku Phalombe amakumbukira nthawi imene likulu la dziko lino linali pakhomo. Munthu ankati akadzera njira ya ku Jali, tsiku lomwelo wafika ku Zomba kumene kunali maofesi a boma. Lero ulendo wa ku likulu ndi wa makilomita oposa 300. Kodi chinachitika n'chiyani kuti maofesi aja asamuke?

Zomba inakhala likulu m'chaka cha 1891, pamene Harry Johnston anakhazikitsa ulamuliro wa Angerezi. Atsamundawo anakopeka ndi mphepo yozizira ndiponso madzi a m'phiri. Boma lawo linali laling'ono, ndipo maofesi ankamangidwa imodziimodzi pamtsetse wa phirilo monga mmene ntchito inkawonjezekera. M'chaka cha 1919 moto unapsereza ofesi yaikulu pamodzi ndi makalata ambiri a boma. Koma vuto lenileni linaonekera dziko litalandira ufulu mu 1964. Maunduna anachuluka, akalaliki anachuluka, akazembe a mayiko ena nawonso anafuna malo, pamene malo athyathyathya omangapo anali ochepa.

Dr Kamuzu Banda ankanena kuti ganizo losamutsa likulu linawabwerera ali m'ndende ku Gwelo. Cholinga chawo chinali chakuti chitukuko chifalikire ku Chigawo cha Pakati ndi cha Kumpoto, popeza pafupifupi zonse zinaunjikana Kummwera. Boma la Britain linakana kupereka ndalama, likuti dziko losauka lili ndi zina zofunika kuposa maofesi. Apa Dr Banda anatembenukira ku South Africa, imene inapereka ngongole ya marandi 8 miliyoni mu 1968. Mayiko ambiri a mu Africa anaipidwa, pakuti imeneyo inali nthawi ya tsankho. Chaka chomwecho linakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation loti liyang'anire ntchito yomanga mzinda watsopano.

Okonza mapulani anayang'ana patali. Maunduna anawaika pamodzi pachitunda chimene tsopano timachitcha Capital Hill, m'nyumba zofanana maonekedwe, ndipo anasiya mipata yoti m'tsogolo mudzamangidwe zina. Chapafupi anapatula malo a mabanki, akazembe ndi mabungwe a mayiko onse. Ofesi payokha sikwanira, popeza wogwira ntchito amafunanso pogona. Choncho anagawa mzindawo m'madera okhala ndi manambala, monga Area 18, kumene kunakhala ambiri ogwira ntchito m'boma. Cholakwika chawo, mwa kuona kwanga, chinali kutalikitsa zinthu. Anakonza mzinda ngati kuti aliyense adzakhala ndi galimoto, chikhalirecho mesenjala ndi kalaliki ankadalira basi, njinga kapena mapazi. Lilongwe inakhala likulu mu 1975.

Kuwerengera za mawa n'kovuta ngakhale kwa mabungwe olemera. Likulu la United Nations ku New York linamalizidwa mu 1952, mamembala ali 60 okha, mayiko ambiri a mu Africa akadali m'manja mwa atsamunda. Malawi inalowa m'bungweli pa 1 Disembala 1964, tsiku limodzi ndi Zambia, ndipo pofika 2011 mamembala anakwana 193. Nyumba yosanjikizana ka 39 ija inachepa, mpaka antchito ena anakakhala m'maofesi a lendi m'misewu yoyandikana nayo.

Ku Lilongwe chodabwitsa chinali china. Mzinda wokonzedwa mosamala chotero unalibe Nyumba ya Malamulo. Aphungu anapitiriza kukumana ku Zomba mpaka 1994, kotero kuti nduna ndi akuluakulu a m'maunduna ankayenda mtunda wautali atanyamula mafailo nthawi ya zokambirana ikakwana. Mwina pansi pa chipani chimodzi panalibe amene anaona changu chake. Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera, a Bakili Muluzi analola aphungu kugwiritsa ntchito New State House, nyumba yaikulu imene inamangidwira mtsogoleri wa dziko. Mu 2004 a Bingu wa Mutharika ananena kuti nyumbayo ndi ya pulezidenti ndipo anakalowamo, antchito a Nyumba ya Malamulo n'kusamukira m'maofesi obwereka. Wogona m'nyumba ya mwini sagona tulo.

Ntchito yomanga nyumba yawoyawo ya aphungu inayamba ndi thandizo la Taiwan, koma inaima pamene Malawi inathetsa ubale ndi dzikolo n'kupalana ubwenzi ndi China kumapeto kwa 2007. Anthu a ku China ndiwo anaimaliza, ndipo inatsegulidwa mu 2010. Apa n'kuti patapita zaka 35 chisamukire likulu, ndiponso zaka 12 kuchokera pamene Phalombe inapatuka ku Mulanje n'kukhala boma palokha.