Alembi a Kummwera kwa Niassa ndi Kachisoti Kotayika

Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo ngakhale mwambiwu udadzudzula aulesi otuma anzawo kubwalo la milandu, ine ndiuona ukuyenera alembi, anthu amene kuyambira kale akhala akusenza mawu a eni kuchokera papepala lina kunka palina m'dziko la Mandimba, Ngauma ndi Cuamba, kumene Chiyao, Chimakua, Chinyanja ndi Chipwitikizi zikomana pamsika umodzi. Pakuti mlembi aliyense, kaya wa mwazi ndi mnofu kaya wa chitsulo, ali nazo zimene asunga ndi zimene agwetsa panjira.

Apwitikizi asanakhazikike, mafumu a Chiyao onga Mataka anali nawo kale alembi odziwa zilembo za Chiarabu, olemba makalata m'Chiswahili. Pambuyo pake ansembe a Consolata adatsegula mishoni ya Massangulo m'chaka cha 1928, ndipo ana adaphunzira kukopera zapabolodi, kusamala kamchira kapansi pa ç ndi kanjoka kapamwamba pa ã monga mayi asamala moto usiku wa mvula. Koma ulemu waukulu wa ntchitoyi unali kuboma. Munthu wofuna chilolezo ku Nova Freixo, dzina limene Cuamba ankatchedwa nalo ufulu wa 1975 usanadze, ankayenera kupereka pempho lotchedwa requerimento, lolembedwa papepala labuluu la mizere 25 lokhala ndi chidindo. Ndipo popeza ambiri sadali odziwa kulemba, ankalipira mlembi wodziwa pamene dzina la bwana liyenera kukhala, mpata woyenera kusiyidwa, ndi mawu otsekera aja akuti Pede deferimento. Wosokoneza dongosololi ankabwerera kwawo chimanjamanja, ngakhale pempho lake likhale lolungama chotani.

Kenaka adadza makina otayipira, ambiri a iwo oyamba ndi zilembo HCESAR, monga boma la Salazar lidalamulira mu 1937. Apa pali chinthu chimene chimandiseketsa. Makina a Chipwitikizi anali ndi batani la kachisoti kolembera â ndi ê, batani losasuntha pepala, kotero kuti kalaliki wa ku Mandimba akadatha kuveka w chisoti chake nalemba Malaŵi bwinobwino, pamene mnzake wa kutsidya kwa Chiponde, wokhala ndi makina a Chingerezi opanda batanilo, ankachita kuonjezera kachisotiko ndi cholembera. Ndipo pepala la kaboni, ngakhale linkadetsa zala, silidanamepo: chimene chidasindikizidwa pamwamba ndicho chidaoneka pansi, ndi zolakwa zomwe, kungoti pepala lachinayi linkatuluka lotuwa ngati phulusa.

Nkhondo itatha mu 1992, othawa atabwerera kuchokera ku Malawi ndi ana ophunzira Chichewa, makompyuta adayamba kulowa m'maofesi ndi m'mapapelaria, masitolo a mapepala, nadza ndi luso lija anyamata alitcha copiar e colar, kukopera ndi kumata, limene Larry Tesler ndi Tim Mott adalikonza ku Xerox, ku California, m'zaka za m'ma 1970. Ambiri ayesa kuti munthu akadina Ctrl ndi C makina atola mawu okha. Koma zoona zake n'zakuti pulogalamu imaika m'kankhokwe kobisika zolembedwazo m'maonekedwe angapo nthawi imodzi, kwina mawu ali amaliseche, kwina atavala zovala zawo zonse, ndiye kuti mtundu wa zilembo, kukula kwake, kunenepa kwake ndi utoto wakumbuyo. Ndipo pulogalamu yolandira ndiyo isankha chimene ingathe kumeza. N'chifukwa chake ndime yotengedwa kwina imafika m'kalata ngati mkamwini wouma mutu, wosafuna kutsata mwambo wa pamudzi: anzake ang'onoang'ono, iye wamkulu, anzake akuda, iye wotuwa. Odziwa amamuvula pakhomo podina Ctrl, Shift ndi V pamodzi, kumene pulogalamu ilola. Zotengedwa mu PDF zili ndi nthenda ina, yothyoka msana pamapeto pa mzere uliwonse.

Zonsezi n'zopirira nazo, pakuti chovala chimasinthidwa. Chimene chindiwawa ndi pamene makina ayesa mnofu kuti ndi chovala. Ndandanda ya zilembo yotchedwa Latin-1, imene idakhazikitsidwa mu 1987 kutumikira zinenero za kumadzulo kwa Ulaya, idapatsa malo ç, ã ndi õ, koma ŵ sidamwerengere; motero dzina la Conceição linkaoloka bwino, pamene ŵ wathu, amenenso Ayao a ku Malawi amlemba m'mawu akuti ŵandu, ankasanduka chizindikiro cha funso kapena kabokosi kopanda kanthu. Ndandanda ina yotchedwa Unicode itadza mu 1991 idampatsa mpando, popeza anthu a ku Wales nawonso ali naye. Komabe pulogalamu ina ikalemba chilembocho mwa njira yatsopano, ina niwerenga mwa njira yakale, chimagawika pawiri. Nanenso, taonani, ndalemba nkhani yonseyi osaveka w chisoti koma pomutchula, monga achitira a nyuzipepala; wotsutsa mfiti akhale woyera m'manja, ndipo ine sindili wotero.

Tsiku lina ndidalowa m'papelaria ina ku Cuamba, kufupi ndi njanji, kukasindikizitsa ndondomeko ya mwambo wovundukula chiliza cha mlongo wanga. Mawerengo adachokera m'Buku Loyera, limene limasunga kachisotiko mokhulupirika, ndipo mdzukulu wanga adawaika pafulashi. Mtsikana wa pamakina adatsegula, nakopera, namata. Ndipo paliponse pamene padali aŵiri padatuluka aÅµiri, mawu onse atadulidwa mzere wofiira kunsi, chifukwa kompyutayo inkawaweruza ndi mtanthauziramawu wa Chipwitikizi.

"Agogo, zilembo zanuzi zalowa chiwanda," adatero, akuseka m'manja. "Ndingoika w wamba, aliyense awerenga."

"Mwana wanga, malemuwo adaphunzira kuwerenga ndi chisoticho. Palibe njira ina?"

Adayesa batani la kachisoti, lomwe lija agogo ake akadalembera nalo pamakina akale. Koma kompyuta, yodziwa kuti m'Chipwitikizi w savala kanthu, idaika chisoti pachokha ndi w pambali pake, ngati anthu okwiyirana. Pambuyo panga padali mzere wa ana asukulu ndi bambo wina wofuna requerimento, ndipo dzuwa linali litapendeka. Ndidavomera w wamba, ndidalipira mapepala makumi anayi, ndipo usiku umenewo, nyali ili patebulo, ndidakhala pansi ndi cholembera chakuda kuveka zisoti chimodzichimodzi.