Hops ndi Ntchito Yake Pofulula Mowa: Zoyenera Kudziwa Alimi ndi Amalonda a ku Nyanja ya Chilwa

Hops ndi chomera choyanga chomwe maluwa ake amathiridwa mu mowa wa m'mabotolo pofulula. Akatswiri a zomera amachitcha Humulus lupulus. Chimayanga pa zingwe mpaka kutalika mamita 6 kapena kuposerapo, ndipo chimaphukanso chaka ndi chaka kuchokera ku mizu yake. Ofulula amagwiritsa ntchito maluwa a chomera chachikazi okha, chifukwa m'kati mwake muli ufa wachikasu womata, umene uli wowawa komanso wonunkhira.

Ntchito yake mu mowa

Ntchito za hops ndi zitatu. Yoyamba ndi kuwawitsa. Madzi a chimera cha balere amakhala otsekemera, choncho wofulula amawawiritsa pamodzi ndi hops kwa ola limodzi kapena kuposerapo kuti kuwawako kuchepetse kutsekemera. Yachiwiri ndi fungo. Mafuta onunkhira amathawa ndi nthunzi, n'chifukwa chake hops wina amathiridwa moto uli pafupi kuzimitsidwa kapena mowa utazizira kale. Makampani ang'onoang'ono ofulula mowa amadalira kwambiri njira imeneyi kuti mowa wawo usiyane ndi wa anzawo. Yachitatu ndi kuteteza: hops amalepheretsa tizilombo tosasitsa mowa kuswana.

Apa ndi pomwe pali kusiyana ndi masese omwe amayi amafulula m'midzi ya kwa Mwambo ndi pa dooko la Kachulu. Masese, ngati Chibuku, amakoma ndi kuwawasa kwake, ndipo kuwawasako kumachokera ku tizilombo tomwe hops amaletsa. Choncho masese safuna hops, koma sakhalitsa masiku ambiri, pamene mowa wa hops wotsekedwa bwino m'botolo umatha miyezi.

Komwe amalimidwa

Hops amalimidwa kwambiri ku Hallertau m'dziko la Germany, ku Yakima m'dziko la United States ndi ku Žatec m'dziko la Czech Republic. Mu 1516, lamulo la ku Bavaria linalamula kuti mowa uzifululidwa ndi madzi, balere ndi hops basi. Mu Africa, minda yodziwika ili ku George m'dziko la South Africa, komwe anapanga mitundu yogwirizana ndi nyengo ya kumeneko. Ku Ethiopia, ofulula mowa wa tella amawawitsa ndi chitsamba cha gesho m'malo mwa hops.

Kuno ku Malawi, fakitale ya Carlsberg inatsegulidwa ku Blantyre mu 1968, ndipo inali yoyamba ya kampaniyo kunja kwa Denmark. Mu 2016 inagulidwa ndi kampani ya Castel. Hops wa mowa wotere amachokera kunja.

Chifukwa chake sayenera ku Chilwa

Chomerachi chimakula bwino m'maiko omwe ali pakati pa madigiri 35 ndi 55 kuchokera pa mzere wa ikweta, komwe usana umatalika maola 15 kapena kuposerapo m'nyengo yotentha. Zomba ili pa madigiri pafupifupi 15, ndipo usana wake supitirira kwenikweni maola 13. Usana ukafupika chotere, hops amachita maluwa asanakule, zokolola n'kukhala zochepa. Chomerachi chimafunanso nyengo yozizira kwambiri kuti mizu ipumule, ndi nthaka yosasunga madzi. Chigwa cha Chilwa n'chotentha, ndipo madambo ake, omwe amayanja mpunga wa ku Likangala ndi Domasi, ndi a makande odikha madzi.

Malangizo

Alimi akulangizidwa kuti asagulitse mpunga kapena ziweto zawo pofuna kugula mbewu ya hops asanafunse alangizi a zaulimi a m'dera lawo. Phindu lomwe ali nalo kale pa malonda a mowa lili m'chimanga, mapira ndi mawere, zomwe ofulula masese ndi ophika thobwa amagula chaka chonse.

Amalonda oitanitsa hops adziwe kuti zomera ndi zokolola zake zimalowa m'dziko muno ndi chilolezo cha boma. Hops wouma asungidwe m'mapaketi osalowa mpweya, pamalo ozizira ndi osafika dzuwa, chifukwa akatenthedwa amataya fungo ndi mphamvu. Wofuna kugulitsa mowa wa m'mabotolo apeze laisensi ku khonsolo ya boma la Zomba, ndipo mowawo uyesedwe ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards usanafike pamsika.