Inki ya Bernie Wrightson

Mu 1971, wojambula zithunzi Bernie Wrightson wa ku Maryland, America, anavuula m'dambo chilombo chotchedwa Swamp Thing: wasayansi amene labotale inamuphulikira, n'kusanduka matope ndi ndere.

Koma luso lake lenileni linaonekera m'buku la Frankenstein la 1983, lomwe analijambula kwa zaka pafupifupi 7. M'zithunzi za bukuli, m'labotale muli mabotolo, mapaipi ndi zitsulo zothithikana, posowa n'popondapo; kunja kuli mapiri ndi mitengo yoweramitsidwa ndi mphepo. Utoto mulibe. Zonsezi ndi timizere ta inki yakuda, tating'ono ngati tsitsi, moti munthu amachita kutsinzinira diso kuti aone bwino.

Mu 2019, pepala lenilenilo la chithunzi chapachikuto cha bukuli linagulitsidwa madola 1.2 miliyoni. Wrightson mwiniwake anali atatisiya mu 2017.