Wansembe amene ankavula nsapato pakhomo la mzikiti

Anthu ambiri akamva za wansembe wopita kudziko la Asilamu amaganiza za munthu wonyamula Baibulo kukatsutsa. Ine lero ndikufuna ndikambe za wansembe wina wa mpingo wa Anglican amene adapita kukayamba wamvetsera. Dzina lake ndi Kenneth Cragg.

A Cragg adabadwira ku Blackpool m'dziko la England mu 1913. Adaphunzira ku Oxford, nadzozedwa unsembe mu 1937. Patangopita zaka ziwiri, mu 1939, adanyamuka ulendo wa ku Beirut, ku Lebanon, ndipo kumeneko ndiko adalimbikira Chiarabu mpaka kumawerenga Korani m'chinenero chake chenicheni. Kuchokera mu 1951 mpaka 1956 adaphunzitsa Chiarabu ndi za Chisilamu ku Hartford Seminary ku America.

Mu 1956 adatulutsa buku lomwe lidawatchukitsa, lotchedwa The Call of the Minaret. Bukuli lidamangidwa pa mawu amene woitana anthu ku swala amafuula pansanja ya mzikiti kasanu pa tsiku. Funso la a Cragg lidali ili: kodi Mkhristu akamva mawu amenewa azingoti ndi phokoso lomudzutsa m'mamawa, kapena nayenso akuitanidwa? Iwo adati akuitanidwa ndithu: kuti amvetse chimene mnzake amakhulupirira, kuti atumikire, ndi kuti afotokoze za Khristu mwa njira yoti Msilamu n'kumva. Adanenanso chinthu chowawa kwa anzawo a mumpingo, chakuti kulephera kwa Akhristu a nthawi ya Muhammad kuonetsa bwino chikhulupiriro chawo ndi chimodzi mwa zimene zidatsegulira njira Chisilamu.

Mu 1959 mudatuluka lina, Sandals at the Mosque. Mutu wokhawo ukunena zonse. Ukafika pamalo pamene mnzako amapembedzerapo, vula nsapato. Chaka chomwecho adatulutsa m'Chingerezi buku la dokotala wa Chisilamu wa ku Egypt, Kamel Hussein, lotchedwa City of Wrong. Nkhani yake ndi ya tsiku la Lachisanu Loyera. Tonse tikudziwa kuti apa ndi pamene zipembedzo ziwirizi zimasiyana kwambiri, pakuti Chisilamu chimaphunzitsa kuti Yesu sadafe pamtanda. Koma Hussein adasiya mkanganowo, nayang'ana za mitima ya anthu amene adagwirizana zopha munthu wosalakwa. A Cragg adaona kuti pamenepa pali poyambira kukambirana, ndipo adafuna kuti Akhristu amve Msilamu akulankhula yekha, osati kudzera m'kamwa mwa omutsutsa.

Mu 1970 adadzozedwa kukhala bishopu wothandizira ku Jerusalem, ndipo ankakhala ku Cairo. Mu 1988 adatulutsa Readings in the Qur'an, momwe adamasulira ndime zambiri za Korani m'Chingerezi. Adamwalira mu 2012 ali ndi zaka 99, atalemba mabuku oposa 30.

Musaganize kuti aliyense adawaombera m'manja. Akhristu ena ankati bambowa afewa kwambiri, akupereka ulemu wopyola muyeso kwa Muhammad. Asilamu ena ophunzira nawo ankati a Cragg amawerenga Korani atavala magalasi a Chikhristu. Wolanditsa ndewu ndiye amalandira zibakera za mbali zonse. Komabe sadasiye mtanda, ndipo sadabise kuti amalakalaka Asilamu atamudziwa Khristu monga iwo ankamudziwira.

Apa ndi pamene ine ndikuona phunziro. Ambirife timaganiza kuti pali njira ziwiri zokha: kunyoza chipembedzo cha mnzako, kapena kunena kuti zonse n'chimodzimodzi kuti pasakhale mkangano. A Cragg adakana zonse ziwiri. Kusiyana adakuvomereza poyera, koma adati usanatsutse mnzako yamba wadziwa chimene iye akunena, mpaka iye mwini avomere kuti wamumva.

Kwathu kuno, ku Nkhotakota kapena ku Mangochi, belu la tchalitchi cha Anglican ndi kuitana kwa pamzikiti zimamveka m'mudzi umodzi. Timakwatirana, timaikirana maliro, timagulana usipa. Koma ndi angati mwa ife, Akhristu ndi Asilamu omwe, amene angafotokoze chikhulupiriro cha mnansi wawo popanda kuchipotoza? A Cragg zidawatengera moyo wonse ndi chinenero chachilendo. Ife mnansiyo ali kuseri kwa mpanda, ndipo amalankhula chinenero chathu chomwe.