Kuchira kwa otuluka m'magulu achipembedzo opondereza ku Zimbabwe

Gulu lopondereza ndi limene mtsogoleri wake amalamulira ndalama, ukwati, maphunziro ngakhale thanzi la omutsatira, n'kuwadula kwa abale awo. Mu Malichi 2024 apolisi a ku Zimbabwe adamanga Ishmael Chokurongerwa, mtsogoleri wa kagulu ka apositoli, pa famu ina ku Nyabira kufupi ndi Harare. Adapezapo ana 251 ogwiritsidwa ntchito m'malo mopita kusukulu. 246 mwa iwo adalibe zikalata za kubadwa. Padalinso manda 16 osalembetsedwa kuboma.

Kuchira kumayambira pa zinthu zooneka: chikalata, sukulu, chipatala, pogona. Za mumtima zimachedwa. Wotuluka amaopa temberero, amachita manyazi, ndipo amasowa anzake amene adawasiya, mwakuti ena amabwerera. Apa abale amalakwitsa akamamunyoza kapena kumukokera msanga kumpingo wina. Afunika kumumvetsera ndi kumulola kusankha yekha, ngakhale pa zazing'ono.

Okhala ku Bulawayo angapeze thandizo la matenda a maganizo pa chipatala cha Ingutsheni mumzinda momwemo. Za ana, bungwe la Childline Zimbabwe limayankha kwaulere pa nambala ya 116.