Mphala, Ankhoswe ndi Mnyamata Wosatha Kufunsira

Mu Lilongwe, mu Blantyre ngakhale m'maboma ang'onoang'ono muli anyamata amene afika zaka 30 asanakhalepo pa chibwenzi, chikhalirecho mtima wofuna banja ali nawo ngati wina aliyense. Ena mwa iwo ali ndi autism, chibadwa chimene chimachititsa munthu kuvutika kutola zimene anzake akutanthauza popanda kuzitchula: kaponyedwe ka diso, nthabwala yokuluwika, kumwetulira kwa ulemu chabe kumene wina angakuyese chikondi. Mu 2023 bungwe la WHO linati mwa ana pafupifupi 100 alionse mmodzi amakhala wotere, ndipo ambiri amene madokotala amawapeza nacho ndi anyamata. Achibale akamadandaula, mlandu wonse amaukankhira kwa mnyamatayo: ngwamanyazi, sacheza, amaopa akazi. Koma kusungulumwa kwakeko kuli ndi mbiri imene inayamba iye asanabadwe. M'zaka 100 zapitazi ntchito yopeza mkazi, imene kale inkagwiridwa ndi anthu angapo potsata njira yodziwika, yatsalira pakamwa pa mnyamata mmodzi, ndipo woyamba kugwa nayo ndi amene pakamwa ndi maso ake siziyenda ngati za anzake.

Pakati pa Achewa a m'chigawo chapakati ndi a ku Chipata ndi Katete, mnyamata akasinkhuka sankagonanso m'nyumba ya makolo. Ankapita ku mphala, kukagona ndi anzake ndi akulu ake osakwatira, pamene atsikana ankagona ku kuka kwa agogo awo. Ku mphala munthu sankachita kuitanidwa chifukwa chodziwa kuseketsa anthu. Msinkhu wokha ndiwo unkamulowetsa. Mfundo imeneyi ndi yaikulu, chifukwa mnyamata wa autism wa lero amasowa chibwenzi atayamba wasowa anzake aamuna omuphunzitsa ndi omuperekeza. Wa ku mphala ankapita nawo kokumba mbewa, koweta mbuzi, ku dambwe, ndipo usiku ankamva akulu ake akukambirana za mbeta za mudzi wakutiwakuti, mmene munthu amaodira, pamene amakhala, mawu oyambira nkhani. Tsiku lokafunsira sankapita yekha. Mnzake wolongolola ankamuperekeza, mwina n'kuiyamba ndiye nkhaniyo, ndipo mlongo wake anali atafufuza kale ngati mtsikanayo ali ndi wina. Mtsikana akalola ankaloza kwa malume ake, chikole chinkaperekedwa, ndipo kuyambira pamenepo pakamwa pa mnyamata pankapuma. Atsibweni ake kapena mkulu wake ndiwo ankakagwada kwa eni mbumba. Ena sankapita n'kutali komwe, popeza ukwati wa pachisuweni unali wololedwa ndi wokondedwa. Mtsikana wotero anali atakula akumuona mnyamatayo, akudziwa kuti kukhala chete kwake si mkwiyo.

Nanga akuchikazi ankayang'ana chiyani? Pa chikamwini mwamuna ankasamukira kwa mkazi, ndipo mayeso ake anali khasu m'munda mwa apongozi. Kodi mizere yake njowongoka? Kodi amatha kuluka nkhokwe, kusema mpini, kufolera denga losadontha? Munthu wokonda kuchita chinthu chimodzi mobwerezabwereza, mosamala, wosakhalitsa pa phokoso la pa mowa, ankakhoza mayeso amenewa. Taonaninso nkhani ya maso. Mkamwini akakumana ndi apongozi ake aakazi pa njira ankapatukira pathengo, kunyonyomala, n'kupereka moni atayang'ana kumbali, ndipo sankadyera nawo pamodzi. Kusayang'ana munthu m'maso ndi kuchepa mawu, zimene lero achipatala amaziwerengera pa zizindikiro za autism, pamalo amenewo zinali ulemu weniweni. Sindikunena kuti mwambowo unapangidwira anthu otere. Ndikunena kuti malamulo ake anali otchulidwa, ophunzitsika, osasinthasintha, ndipo munthu wa autism amayenda bwino pamene lamulo lanenedwa poyera.

Njira imeneyi sinafote tsiku limodzi. Amishoni a Dutch Reformed atakhazikika ku Mvera mu 1889 ndi ku Nkhoma mu 1896, komanso a White Fathers ku Mua mu 1902, analimbana ndi dambwe, nalimbikitsa banja limene mutu wake ndi bambo, osati malume. Msonkho wa atsamunda unathamangitsira anyamata ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Joni. Fodya amene anafala ku Lilongwe ndi ku Dowa m'zaka za m'ma 1920 anapatsa amuna ndalama zawozawo, ndi mtima wotengera mkazi kwawo pa chitengwa. Katswiri wa mbiri Kings Phiri analemba mu 1983 za mmene zoterezi zinasinthira mabanja a Achewa ndi mphamvu ya malume pa mbumba. Ku nkhani yathu chachikulu n'chakuti mkulu amene akanaperekeza mng'ono wake kokafunsira anali ku Wenela, ena mpaka kusanduka matchona, ndipo wobwerako ndi njinga, jekete ndi galamafoni anasintha muyeso wa mkamwini wabwino: anayamba kukhala wandalama ndi wodziwa kudzionetsa. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, ndipo sukulu ya pulayimale itakhala yaulere mu 1994, achinyamata ochuluka anayamba kupezana m'kalasi, ku kwaya, pamsika, m'minibasi, kutali ndi maso a mbumba. Kenaka kunadza foni. Pa WhatsApp ndi pa Facebook palibe woperekeza. Pali kuchedwa kuyankha kumene kuli ndi tanthauzo lake, kankhope koseka kamene kangakhale chikondi kapena chipongwe, ndi malamulo amene aliyense akuyenera kuwadziwa koma palibe amawanena. Mnyamata amene amamva mawu monga anenedwera amatumiza mauthenga khumi motsatizana, kapena kutchula za ukwati tsiku loyamba, mawa lake n'kupeza atabulokedwa osadziwa chimene walakwa.

Wina angati unkhoswe sunafe, ndipo zoonadi Loweruka lililonse m'maholo muli chinkhoswe: zitenje zofanana, tambala ndi msoti zikusinthanitsidwa, atsikana ophimbidwa nsalu kuti mwamuna aloze wake, perekaniperekani mpaka dzuwa kupendeka. Koma zonsezi zimabwera awiriwo atapezana kale, mwina atakhala pa chibwenzi zaka zingapo. Ankhoswe a lero ndi mboni ndiponso oweruza za m'banja, pamene gawo loyamba lija, lofufuza ndi loyankhulira, latsala lopanda mwini. Aphunzitsi a ana ofuna thandizo lapadera, monga amene amaphunzitsidwa ku Montfort ku Nguludi, ntchito yawo imathera pa sukulu. Alangizi a ku mpingo amayamba ndi amene apeza kale mnzawo. Zaka za pakatipo, zimene zinali za mphala ndi malume, palibe amene anazilandira.

Chotsutsa champhamvu koposa n'chakuti mudzi wakale sunali wachifundo kwa aliyense wosiyana ndi anzake, ndipo ichi sichiyenera kubisidwa. Mwana wosayankhula, wokupiza manja, wotseka makutu ng'oma ikalira, ankatchedwa chitsiru kapena wozerezeka, ndipo anthu ankanong'onezana kuti bambo ake anamukhwimira kuti alemere. Manong'onong'o amenewa akadalipo mpaka lero, ndipo akuphwanyabe mabanja. Ku mphala komweko ofooka ankazunzidwa. Boma la atsamunda nalo silinabweretse chabwino msanga: malo osungirako odwala misala ku Zomba anayamba mu 1910 ngati mbali ya ndende, ndipo chipatala chenicheni chinatsegulidwa mu 1953. Kufotokoza autism ngati chinthu chapachokha kunatchuka ndi Leo Kanner ku Baltimore mu 1943, pa ana 11 amene 8 mwa iwo anali anyamata, ndi Hans Asperger ku Vienna mu 1944. Kudziwa kumeneku n'kopambana kunamizira ufiti, ndipo palibe wanzeru angafune kubwerera. Amene autism yawo inali yaikulu mwambo sunawapatse banja, ambiri sunawapatse ngakhale ulemu. Koma ochuluka amene tikukamba pano ndi oyankhula, ogwira ntchito, omaliza sukulu, amene chowasowa ndi munthu womasulira zosanenedwa, ndipo kwa iwowa kutha kwa woperekeza ndi chitayiko chenicheni. Tiyeneranso kulekanitsa kusakwatira ndi kusungulumwa. Donald Triplett, woyamba mwa ana a Kanner aja, anakhala m'tauni yaing'ono ya Forest ku Mississippi mpaka imfa yake mu 2023 ali ndi zaka 89. Sanakwatire, koma ankagwira ntchito ku banki, ankayendetsa galimoto, ankasewera gofu, ndipo anthu a m'taunimo ankamudziwa ndi kumutchinjiriza. Mbumba ya Chichewa inkachitako zofananazo: mwamuna wosakwatira anali ndi mbale ya nsima kwa mlongo wake, ntchito yake pa maliro, ndi ana omutcha malume.

Patsala mbali ya mtsikana, imene okonda zakale amaidumpha. Mwambo womwewo unali ndi chitomero cha ana aang'ono, ndipo malume wofuna mkamwini wolima ankatha kukakamiza mwana wa mlongo wake. Lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zimene zinaika zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, zinakonza cholakwa chenicheni. Palibe mtsikana amene ali ndi ngongole ya ukwati kwa mnyamata chifukwa mnyamatayo akusungulumwa, ndipo magulu a pa intaneti amene amaphunzitsa anyamata osowa chibwenzi kuda akazi akuwawonjezera bala. Komabe woyankhulira ndi wokakamiza ndi anthu awiri osiyana, ngakhale kale ankapezeka mwa malume mmodzi. Pamene mwambo unkayenda bwino, mkhalapakati ankathandiza mtsikana yemwe. Wosafuna ankauza mayi ake kapena malume ake, yankho n'kupita kwa akuchimuna lomveka, ndipo akuchimunawo ankamukhazika pansi mwana wawo n'kumuuza kuti kumeneko asapitekonso. Lero mtsikana amakana yekha, ndipo poopa mkwiyo wa mwamuna amakana mozungulira: ndatanganidwa, ndikuuzani, tionana. Anyamata ambiri amamva kuti nkhani yatha. Wa autism amadikira tsiku limene walonjezedwalo, n'kufunsanso, mtsikana n'kuyamba kuchita mantha, ndipo mbiri imene imafala pakati pa atsikana a ku mpingo kapena a kuntchito ndi yakuti mnyamata uja ngwovutitsa.