MBIRI YA MFUNDO YA PA MBEDZA

Msodzi ali yense adziwa kuti nsomba yaikuru ikathawa ndi mbedza, kawiri-kawiri cingwe ciduka pa mfundo, si pakati ai. Bvuto limeneli ndi lakale ndithu.

M'caka ca 2016 akatswiri analengeza kuti m'phanga la Sakitari, pa cisumbu ca Okinawa ku Japan, anafukula mbedza zosemedwa ndi cigoba ca nkhono, za zaka ngati 23,000. Cingwe cace cinaola kale-kale, ndipo mfundo inapita naco. Mbedza zambiri za makedzana zinalibe diso: wosula anali kungophwathalitsa mutu wace, ndipo msodzi anali kukulunga cingwe pa thupi la mbedza kangapo, namanga. Mamangidwe otere alipobe lero, pakuti akoka mbedza molunjika.

Cingwe cinali ca mitundu-mitundu. Ku Zambezi ndi ku nyanja anthu anali kupota bwazi pa nchafu, ndipo David Livingstone anachula kulimba kwace m'buku lace la 1857. Ku Mangalande anali kuluka tsitsi la ku mcira wa kavalo. Pambuyo pace anayamba kugula ku Spain ulusi wosololedwa m'mimba mwa mbozi za silika. Ulusi umenewo ukauma unali kuthyoka, cotero munthu anayenera kuubviika m'madzi asanamange mfundo. Mbedza za diso zinawanda pakati pa owedza a kumeneko m'zaka za m'ma 1880, ndipo mfundo imodzi ya nthawi imeneyo ichedwabe ndi dzina la Major Turle.

Koma cimene cinasokoneza nzeru zonse za makolo ndico nailoni. Wallace Carothers ndi anzace a kampani ya DuPont ku America anaipanga mu 1935, ndipo pofika 1939 zingwe zace zinali m'sitoro. Nailoni siola, ndiponso nsomba siziiona msanga. Kuipa kwace ndi kuterera. Mfundo yomwe inali kugwira bwino pa bwazi, cifukwa ca kukhakhala kwace, pa nailoni inangosomphoka ngati mlamba m'manja. Asodzi anaphunziranso kumanga ngati ana: kupisa nsonga m'diso, kuizunguliza pa cingwe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kuibweza m'kampata ka pafupi ndi diso, ndi kuipisanso m'goli limene latsala. Asanakoke, anyowetsa mfundoyo ndi malobvu. Ena ayesa kuti ndi mwambo wa mwai, koma iai: nailoni youma ikakwecesana itentha, ndipo ifooka pomwepo pamene nsomba idzakokera.